Nati ya Pamwamba pa Shoko

Galimoto zambiri zimene zadzaza m'misewu masiku ano sanazipangire misewu yathu ino. Vitz, Passo, Sienta, Fit, Mira, zonsezi anazisula kuti zizitsetsereka pa phula losalala la ku Nagoya ndi ku Yokohama, ndipo mimba yake imasiyana ndi nthaka ndi masentimita 14 kapena 15 okha. Galimoto yotere ikatsika m'sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, pofika ku Mzuzu imakhala itakhula kale mimba pa mahampu a mumsewu wa M1. Ikayamba kunyamula anthu opanikizana ndi matumba a chimanga kumbuyo, monga zichitira Sienta za m'maboma mwathumu, ndiye basi imayenda chokwawa. Mwini wake sachedwa kukaima pa galaja ku Biwi kapena ku Ndirande n'kunena kuti, "Amakaniko, tandiikwezerani pang'ono, ikugunda pansi." Anyamata a ku Ulaya amataya ndalama kuti galimoto zawo zitsike, zizigwira msewu pokhota, ife timalipira kuti zikwere. Koma wotsitsa ndi wokweza amakakumana pa nati imodzi, ndipo onse imawatulutsa thukuta mofanana.

Tsegulani boneti, muyang'ane kumakona awiri a kufupi ndi galasi lakutsogolo. Pa galimoto zambiri pali kachitunda kachitsulo, pamwamba pake manati ang'onoang'ono atatu, pena awiri, ndipo pakati pawo, pansi pa kachivundikiro, pali nati yokulirapo, ya 17, 19, 21 kapena 22 malinga ndi mtundu wa galimoto. Ang'onoang'onowo ntchito yawo ndi kumangirira shoko ku thupi la galimoto. Yapakatiyo ndi nkhani ina. Imakhala pa nsonga ya shafuti, ndodo yonyezimira ija imene imalowa ndi kutuluka mu shoko, ndipo ndi iyo yokha imene yatsekera sipuling'i pakati pa mbale ziwiri kuti isathawe.

Mnyamata amene sanakumanepo nayo amaika soketi, n'kukoka. Nati itembenuka bwinobwino, iye mano mbee. Akokanso, akokanso, mpaka phewa kuwawa. Poyang'ana apeza mazinga amene anali kuoneka pamwamba pa nati akadali omwewo. Chimene chikuzungulira ndi shafuti yonse pamodzi ndi natiyo. Shafutiyo ndi yobulungira, kumunsi kwake kuli pisitoni yosambira mu oyilo, ndipo palibe chimene chaigwira. Opanga sanalakwitse ayi. Mukamakhotetsa chiwongolero shoko imatembenuka pamodzi ndi tayala, choncho china chake m'menemo chiyenera kukhala chomasuka. Apa mphamvu zilibe ntchito. Muitane chimphona chonyamula matumba mumsika wa Limbe, chidzangozungulitsa shafutiyo msanga kuposa inu. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo nati iyi imafunadi manja awiri ochita zosiyana, lina logwira, lina lotembenuza.

Koma tisanafike pa kagwiridwe, pali funso limene ine ndimafunsa mnyamata aliyense amene ndamuona atakwiyira nati imeneyi: iwe mphwanga, ukudziwa chimene ikugwira?

Amene anakulira kumudzi amaudziwa msampha wa mtengo wopinda. Mlenje amaweramitsa kamtengo kauwisi mpaka nsonga yake ifike pansi, n'kuikola ndi kachitsotso kochepa ngati chala. Kamtengoko kamangokhala zii, ngati kuti kanamera chowerama. Mukakhudza kachitsotsoko ndi pomwe mumadziwa kuti mphamvu yonse inali pamenepo. Sipuling'i ya pa shoko ndi yotero, ndipo nati yapakati ndiye kachitsotsoko. Galimoto yaing'ono ngati Vitz imalemera pafupifupi makilogalamu 1,000, ndipo kulemera kochuluka kuli kutsogolo kumene kuli injini, kotero kuti sipuling'i iliyonse yakutsogolo imasenza makilogalamu oyandikira 300. Ngakhale shoko mutaichotsa pa galimoto n'kuigoneka pansi, sipuling'iyo siinapume. Ikadali yofinyidwa, ikukankha mbale yapamwamba usana ndi usiku. Nati ikachoka sipuling'i isanamangidwe, mawunting'i, chitsulo chomangirira shoko ku thupi la galimoto, ndi mbale zimauluka ngati zaponyedwa ndi mfuti. Nsagwada zathyokapo, maso aphulikapo, zala zaduka. Ndiye mukaona natiyi ikukana, musaitukwane. Anaipanga dala kuti izikana. Mkati mwake muli kamkombero ka pulasitiki koluma mazinga, kapena mazinga ake apamwamba anawaphwanya pang'ono ku fakitale, kuti mabampu a zaka khumi asaigwedeze. Nati yomasuka msanga pamalo amenewo ikanatha anthu.

Ife amene tinayamba kuona galimoto m'nthawi ya Land Rover ndi malole a Bedford tinazolowera masipuling'i athyathyathya osanjikizana. Amenewo ukawamasula amangogwa pansi, choopsa n'kukuphwanya chala cha kuphazi. Kamangidwe aka koika shoko mkati mwa sipuling'i yopota n'kuzisandutsa mwendo umodzi wa galimoto ndi nzeru ya Earle MacPherson, injiniya wa ku America. Anayamba kuikonza ali ku General Motors pa kagalimoto kotchedwa Chevrolet Cadet, kamene akuluakulu ake anakakana mu 1947. Iye anasamukira ku Ford, ndipo nzeru yake inatulukira pa Consul ndi Zephyr za ku Britain mu 1950. Peugeot 404 ndi 504, zimene zinalimbana ndi misewu ya fumbi ya mu Africa muno kwa zaka zambiri, nazonso zinali ndi mwendo wotere kutsogolo. Opanga anaukonda chifukwa ndi wotchipa, zitsulo zake n'zochepa, ndipo umasiya malo a injini yogona chopingasa. Lero pafupifupi galimoto yaing'ono iliyonse yochokera ku Japan ili nawo. Wina anganene kuti tsobola wakale sawawa, za Zephyr zitithandiza chiyani. Koma nati imene inkavutitsa amakaniko a nthawi ya Chitaganya ndi yomweyi ikuvutitsa adzukulu awo.

Kukana kwa dala kuja kumaonjezeredwa ndi kukana kwa dzimbiri. Natiyi imakhala m'kadzenje, ndipo kachivundikiro kake kakatayika madzi a mvula ndi a otsuka injini amadikha momwemo. Galimoto zina zinayendapo kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumene amathira mchere m'misewu nyengo ya chisanu, kenako zinagona masabata padoko ndi panyanja. Zimafika kuno penti ili waliwali, mkati mukununkhira bwino, koma pansi pa kachivundikiro nati ndi shafuti zinakwatirana kalekale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ngati makaniko wina anapitapo kale n'kumanga ndi chipaipi chotalika ngati mkono, ndiye mlandu wake mwaulowa ndinu.

Ntchito yeniyeni imayamba dzulo lake. Chotsani kachivundikiro, palani mazinga oonekawo ndi bulashi ya waya, thirani mafuta olowerera dzimbiri. Amene alibe a m'chitini ngati WD-40 amathira dizilo kapena palafini. Ena amakonda mafuta a mabuleki, koma amenewo akadonthera pa penti amaidya. Mukathira, siyani. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo mafuta a pa dzimbiri nawonso ndi otero. Vuto ndi lakuti mwini galimoto waima pambali, akuyang'ana wotchi, akuti ali ndi ulendo wa ku Salima masana omwewo. Makaniko wanzeru amamuuza poyera kuti, "Bwana, isiyeni igone, mubwere mawa." Wamantha amavomera kuti itheka lero, ndipo ndi pamenepo zinthu zimayambira kuthyoka.

M'mawa mwake, musathamangire jeke. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Galimoto ikakhala pa matayala ake, sipuling'i imakankha thupi la galimoto, osati nati, ndipo thupilo lagwira mawunting'i kuposa vayisi ina iliyonse ya pa galaja. Imeneyo ndiyo nthawi yoti natiyo muithyole kuuma. Ena amayamba aikokera komanga pang'ono chabe, kuti dzimbiri lisweke, kenako n'kubwerera komasula. Ikangolira kuti kwe, n'kusuntha kagawo kakang'ono ka mzungulire, lekerani pomwepo. Osaichotsa. Mwangoidzutsa chabe, yotsalayo mukamalizira pansi sipuling'i itamangidwa. Amene amayamba wachotsa shoko yonse n'kukalimbana ndi nati yogwira dzimbiri pa dothi, bondo lili pa sipuling'i, amadzipatsa ntchito ya anthu atatu.

Tsono kagwiridwe ka shafuti. Yang'anani pa nsonga yake. Pa galimoto zambiri pali kabowo ka makona asanu ndi limodzi kolowa Allen key, kawirikawiri ya 6 kapena 7. Pa zina kabowoko n'ka nyenyezi, pa zina nsongayo anaisema mbali ziwiri kuti kasipanala kakang'ono kagwire. Pa Toyota zambiri shafuti ili ndi mbali yophwatalala imene imalowa m'bowo lofanana nayo pa mbale yapamwamba, ndiye chogwira ndi mbaleyo. Vuto ndi lakuti soketi wamba ikavala nati imatseka njira ya Allen key. Pali masoketi obowoka opangidwira ntchitoyi, koma amakaniko athu anapeza njira zawo kalekale. Soketi ya mapulagi ya 21, ija ili ndi makona kumutu kwake, imavala nati, Allen key n'kudutsa m'bowo lapakati, sipanala n'kugwira makonawo kunja. Soketi yong'ambika m'mbali ya 22, yomasulira sensa ya pa ekizozi, nayo imathandiza. Sipanala yokhota khosi imafika m'kadzenjemo pa galimoto zina. Ndipo ndaonapo masoketi akale osemedwa zenera ndi galainda amene akugwira ntchito kuposa ogula.

Kabowo ka Allen key n'kosachedwa kukwiya. Mukhale mwakatokosa ndi msomali mpaka dothi lonse lituluke, kiyi mwaikhomera ndi kahamala mpaka yafika pansi, ndipo ikhale ya saizi yake yeniyeni, osati ya mainchesi yongoyandikira, osatinso ija ya mutu wobulungira. Kiyiyo ntchito yake ndi kuima nji. Chotembenuka ndi nati. Mnyamata akasinthanitsa, n'kumapotoza kiyi nati itaima, kachitsulo ka mamilimita 6 kakusenza katundu wa nati ya 21, ndipo mapeto ake makona a m'kabowo amatha, kiyi n'kumangozungulira m'bowo losalala. Pamenepo ntchito ya ola limodzi yasanduka ya tsiku. Nati ikayamba kuyenda koma molimba, musaikakamize ulendo umodzi: masulani pang'ono, bwezani pang'ono, thirani mafuta, masulaninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekha kukatha, dzanja limapita lokha ku bobojani kapena ku vice grip. Shafuti ija ikuoneka pakati pa sipuling'i, yonyezimira, yoitana. Mano a chitsulo akailuma amasiya zipsera. Ndiye taganizani: shafutiyo imalowa ndi kutuluka mu shoko kambirimbiri pa kilomita iliyonse, ikudutsa pa kamphira kotseka oyilo. Chipsera chilichonse chimacheka kamphirako pang'onopang'ono. Pakapita masabata shoko iyamba kuchita thukuta, fumbi limatirira, kenako galimoto iyamba kudumphadumpha pa bampu iliyonse. Madzi akatayika saoleka, ndipo mashoko a masiku ano ndi otseka, sathiridwanso oyilo ngati a Peugeot zakale. Chopweteka n'chakuti amene analuma shafuti ndi sipanaboyi, bwana wake atapita kokagula sipeya, koma wodzatukwanidwa ndi kubweza ndalama ndi mwini galaja. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Komabe tisanamizane: ngati shoko yakaleyo ikupita kudzala, ilumeni mmene mungathere, palibe chotaya. Ngati ibwerera pa galimoto ndipo njira zina zonse zakanika, gwirani kumtunda kwenikweni, gawo limene silifika pa kamphira, mutakulunga ndi chidutswa cha lamba wakale.

Za mfuti yomasulira manati, ija ya mphepo kapena ya batire, anthu amakangana. Imagwira ntchito chifukwa imamenya mofulumira kwambiri, nati n'kusuntha shafuti isanaganize zotsatira. Pochotsa shoko yakale ine sindiiletsa, bola kumenya mwa kanthawi kochepa, osaisiya ikungozungulitsa shafuti ngati pini ya chigayo mpaka kamphira kapse. Koma pomanga shoko yatsopano, ayi. Opanga mashoko ngati KYB ndi Monroe amaletsa zimenezi m'malangizo awo, chifukwa mfuti siidziwa polekera: imatha kukoka mazinga mpaka nsonga ya shafuti kuduka, kapena kugwedeza zomangira za mkati zimene simungazione.

Moto ndiye ndimakana. Pafupi ndi galaja iliyonse pali wowotcherera, ndipo moto wa gasi wamasula mabawuti ambiri a ekizozi, choncho mnyamata amaganiza kuti nayonso iyi imva moto. Koma pansi pa natiyi pali mphira ya mawunting'i, pali beling'i ya girisi, ndipo kumunsi kuli chitini chotseka chodzaza oyilo ndi mpweya wa nitrogen wopanikizidwa. Pa thupi la shoko amalembapo chenjezo loti isayandikire moto. Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Zonse zikakanika, natiyo iphedwe. Pali kachida kong'ambira manati, ndipo popanda iko sowo yachitsulo kapena galainda yaing'ono imadula m'mbali mwa nati mpaka pafupi ndi mazinga, tchizulo n'kumalizitsa. Nati ndi yotchipa kuposa shoko, ndipo shoko ndi yotchipa kuposa diso. Koma kudula kumeneku, ngakhalenso kumasula kwabwinobwino, kuchitike sipuling'i itagwidwa ndi makilampu awiri, ina mbali iyi ina mbali iyo, omangidwa mosinthanasinthana kuti isapindikire kumodzi, mpaka mutaona kuti yalekana ndi mbale ndipo ikugwedezeka ndi dzanja. Shoko igone chammbali, ndipo kumene kwaloza nsonga zake kusaime munthu, ngakhale wogulitsa mandasi wodutsa. Makilampu ambiri a m'magalaja athu ndi oyenda, lero ali uku mawa ali uko, mazinga ake ouma, ngowe zake zoyamba kutambasuka. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Ayang'aneni kaye makilampuwo, apakeni girisi.

Ndikudziwa zimene zimachitika pansi pa mitengo ya mango. Ena amamanga sipuling'i ndi waya kapena chingwe galimoto ikadali pansi, n'kuikweza ndi jeke. Ena amagoneka shoko, kuiponda ndi phazi, kuilozetsa ku tayala lakale, n'kumasula mpaka phuu! Mukawafunsa amati, "Madala, ife timapanga chonchi tsiku lililonse." Zoona, ndipo masiku ambiri zimatheka. Umphawi wa zida si tchimo, ndipo sindinyoza munthu wofuna kudyetsa ana ake ndi zimene ali nazo. Koma waya sanena tsiku limene adzaduke. Tsoka silinunkha. Makilampu awiri abwino mtengo wake sufika pa wa tayala limodzi latsopano, ndipo galaja imene imakweza galimoto sabata iliyonse ikanayenera kukhala nawo ake isanagule wailesi.

Chodabwitsa n'chakuti ambiri amene amalimbana ndi natiyi sanafunikire kuikhudza n'komwe. Ngati cholinga ndi kukweza galimoto ndi masipesa okhala pamwamba pa mawunting'i, omasula ndi manati ang'onoang'ono aja ndi mabawuti a kumunsi. Shoko imatuluka yathunthu, sipesa ikhala pamwamba, zonse n'kubwerera. Ngati mwagula mwendo wathunthu, shoko ndi sipuling'i zomangidwa kale, chimodzimodzi. Nati yapakati imafunika pokhapokha mukusintha sipuling'i yokha, shoko yokha, mawunting'i kapena beling'i. Safunsa anadya phula. Pa Volkswagen zina, monga Golf zakale, pa shafuti pamakhala manati awiri osanjikizana, yapamwamba yogwira thupi la galimoto, yapansi yogwira sipuling'i, ndipo wozolowera nati imodzi akapanda kufunsa amasokoneza.

Mwini galimoto nayenso amve mbali yake. Kukweza kuli ndi mtengo wina umene salipira tsiku lomwelo. Galimoto ikakwera, mashafuti opita ku matayala amagwira ntchito atapendekeka kuposa mmene anawapangira, ndipo mphira za ma CV joint zimang'ambika msanga. Sipuling'i yaitali kwambiri imasiya shoko itatambasuka pafupi ndi mapeto ake, ndiye pa dzenje lililonse mumamva kuti gu. Galimoto yokwera imaweramanso kwambiri pokhota, ndipo amene anatsikapo makona a ku Chiweta atadzaza katundu akudziwa tanthauzo lake. Walira mvula walira matope. Kwa ine masentimita awiri kapena atatu ndi okwanira pa tigalimoto timeneti. Wofuna kuposa pamenepo akufuna galimoto ina, osati masipesa.

Pobwezera, nsonga ya sipuling'i ikhale m'kamphako kake pa mbale yapansi ndi yapamwamba, ndipo ngati pa mawunting'i pali muvi kapena chizindikiro, chiloze kumene chinaloza poyamba. Nati ikhale yatsopano. Kamkombero ka pulasitiki kaja kakalumapo kamodzi mano ake amatha, ndipo mashoko abwino amabwera ndi nati yake m'bokosi. Ikasowa, funsani wogulitsayo. Kumanga kwake sikufuna chipaipi: pa galimoto zing'onozing'ono zambiri ndi pakati pa 45 ndi 70 N·m, nambala yeniyeni ili m'buku la galimotoyo, ndipo torque wrench ndiyo imadziwa polekera. Makilampu amasulidwe mosinthana monga anamangidwira. Zimene mwachita kumanzere muchitenso kumanja tsiku lomwelo, chifukwa shoko yatsopano mbali imodzi ndi yotopa mbali inayo zimakokera galimoto kumbali pogwira mabuleki. Mukatsitsa jeke, galimoto ipite ku alainimenti isanapite ku Salima. Mabawuti awiri a kumunsi aja akangosuntha pang'ono tayala limaima mopendekeka, ndipo limadyeka m'mphepete mwa mkati, kumene mwini wake sayang'ana, mpaka mawaya atatulukira.